Kuyeza mtsinje wa kumunsi kwa tauni

Anzanga a mu koperativa, lero tisiye kaye za chimanga. Tikambe za mtsinje.

Tauni ikukula. Pamene panali tchire pali nyumba za malata. Pamene panali dambo pali mauvuni a njerwa. Msewu authira phula. Sitikudandaula ayi, kabichi wathu timagulitsa komweko. Koma funsani agogo: matemba aja ankadzaza dengu kumunsi kwa tauni ali kuti?

Mvula ikagwa pa tchire, nthaka imamwa. Madzi amalowa pansi, ndipo amatuluka pang'onopang'ono pa akasupe mpaka m'chilimwe. Mvula ikagwa pa malata, pa simenti ndi pa phula, imasowa polowera. Yonse imathamangira mu ngalande nthawi imodzi. Mtsinje umasefukira, umagumula magombe, koma pofika Okutobala wauma gwa. Ofufuza a ku America anayeza mitsinje yambiri. Anapeza kuti zinthu zosamwa madzizi zikaphimba gawo limodzi mwa magawo 10 a malo othira madzi mu mtsinje, mtsinjewo umayamba kudwala. Gawo limodzi lokha, eti!

Madzi othamanga amanyamula dothi. Dothilo limakhala pansi, ndi kukwirira timiyala. Apa mpamene pali vuto lalikulu. Mpasa wa mu nyanja ya Niassa amakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera. Mazira amapuma mpweya wa m'madzi odutsa pakati pa timiyalato. Matope akaphimba, mazira amafa osaswa. Ntchila nayo imaswanira mu mitsinje. M'zaka za m'ma 1950 inali yochuluka zedi kumwera kwa nyanja. Lero ndi yosowa. Kuigwira mopyola muyeso kunaichepetsa, matope mu mitsinje anaonjezera.

Mitengo ya m'gombe ikadulidwa, dzuwa limatenthetsa madzi. Madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Zoipa za m'chimbudzi zikalowamo, zimaola ndi kumaliza mpweya wotsalawo. Amene munafikako ku Blantyre mukuudziwa mtsinje wa Mudi, wodutsa pa mafakitale ndi pakati pa mzinda. Mphuno imakuuzani maso asanaone.

Poizoni wina saoneka, sanunkhanso. Ku Seattle, ku America, nsomba yotchedwa coho inkafa mu timitsinje ta mu mzinda mvula ikangogwa, isanaikire mazira. Madzi anali ooneka bwinobwino. Mu 2020 ofufuza anapeza chakupha: mankhwala ochokera ku fumbi la matayala a galimoto, lokokoloka pa msewu.

Nanga ife tingayeze bwanji, opanda makina? Tingathe ndithu. Tsopano tikudziwa kulemba. Tengani kope, pensulo ndi mabotolo 3 oyera. Sankhani malo 3: kumtunda kwa tauni, pakati, ndi kumunsi. Paliponse tungani madzi, lembani dzina la malo pa botolo, muligoneke usiku umodzi. M'mawa yezani ndi chala matope amene akhala pansi.

Kenaka lowani m'madzi, mutembenuze miyala 10. Iyi ndiyo ntchito imene ndimaikonda, ana nawonso amaikonda. Pansi pa mwala pali mboni zosanama. Mukapeza tizilombo tamichira itatu, kapena tija timamanga kanyumba ka timchenga ndi timitengo, madziwo ali ndi mpweya. Tizilomboti ndi chakudya cha nsomba, ndipo sitikhalitsa m'madzi oipa. Mukapeza timphutsi tofiira tokhatokha m'matope akuda, lembani kuti pamenepo paipa. Musangoti "tilipo tambiri". Werengani, mulembe nambala.

Onaninso mthunzi. Yendani mapazi 100 m'gombe, muwerenge mitengo. Onani paipi ya pansi pa msewu: ngati madzi akugwa kuchokera m'mwamba ngati mathithi, nsomba zing'onozing'ono sizingakwere, ndiye kuti za kumunsi zatsekeredwa. Pomaliza funsani woweza wachikulire maina a nsomba zimene ankagwira kale ndi zimene akugwira lero. Mlamba wokha usatinamize. Mlamba umapuma mpweya wa kunja, umakhala ndi m'madzi onyansa momwe.

Ndinene chilungamo. Si a m'tauni okha olakwa. Ine ndemwe ndinatentha bango m'dimba la amayi kuti ndionjezere mizere iwiri ya tomato. Mvula ya Febuluwale inatenga mizereyo pamodzi ndi gombe lomwe. Chaka chino tabzalamo udzu wa vetiva, ndipo khasu silikufikanso m'mphepete.

Kuyezaku tichite kawiri pa chaka, mu Febuluwale ndi mu Okutobala, pa malo omwewo. Kope lisungidwe ndi mlembi wa koperativa. Tsiku limene akuluakulu a tauni adzaitana msonkhano wogawa mapoloti a m'dambo, tidzapita nalo kopelo. Madzi a kumunsi kwa tauni ndi omwe timathirira ndiwo zathu.