Filimu ya mizimu si mbiri, makolo tsegulani maso

Kale nthano inkayamba yaodira isanalowe m'nyumba. Agogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera kuti "Tili tonse," aliyense ankadziwa kuti zikubwerazo n'zopeka: Kalulu alankhula, Fisi apusitsidwa, kenaka tonse tikagone. Nthano za makono siziodira. Zikulowa kudzera pa foni, pa memore khadi ndi m'mavidiyo shoo a pa Ulongwe, Liwonde, Ntaja ndi m'tauni ya Balaka, zina zitamasuliridwa kale m'Chichewa.

Mwa nthano zimenezi muli mtundu wina wofunika kuuchenjerera. Opeka ake amatenga angelo amene akuti anagwa kuchoka kumwamba, n'kuthirako zamatsenga, kenaka n'kuponyamo dzina la munthu amene anakhalakodi. Mwana akamva dzina limene analimva kusukulu, kutchalitchi kapena kumadrasa, amati basi zonsezo zinachitikadi.

Taonani filimu ya mu 2012 yotchedwa Abraham Lincoln: Vampire Hunter. Lincoln analikodi, anali mtsogoleri wa dziko la America kuyambira 1861 mpaka pomwe anaphedwa mu 1865. Koma m'filimuyo amayenda usiku ndi nkhwangwa kusaka anamapopa. Dzinalo ndi loona, anamapopawo ndi bodza lamkunkhuniza, koma zonse zili m'mbale imodzi ngati mpunga wosapeta.

Nanga za angelo ogwazi amazitenga kuti? Zambiri zimachokera m'buku la Enoki, lomwe linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo pofutukula ndime zochepa za pa Genesis 6. Bukulo limakamba za angelo 200 amene anatsikira paphiri la Hermoni n'kukwatira akazi a padziko, ndipo mmodzi wa iwo, Azazel, anaphunzitsa anthu kusula malupanga ndi kukonza zodzoladzola. Mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera m'gulu la malemba oyera, koma m'Baibulo la Akatolika ngakhale la a CCAP simungalipeze.

Kwa abale athu Achisilamu, omwe ndi ambiri ku Machinga, nkhaniyi si yachilendo. Surah Al-Baqarah ndime 102 imatchula angelo awiri, Harut ndi Marut, ku Babulo, ndipo ndime yomweyo imayeretsa Sulaimana kwa anthu amene ankamunamizira zamatsenga. Mukuona? Kumata ufiti pa dzina la munthu wotchuka sikunayambe lero.

Wina afunsa: vuto lili pati, si zongosangalatsa izi? Inde, kuonera filimu si mlandu, ndipo opanga ake sabisa kuti n'zopeka. Vuto n'lakuti mbewuyi ikugwera panthaka yonyowa kale. Kwathu kuno mphekesera ya zamizimu simathera pakamwa, imakafika kumanda.

Mu 2017 mbiri ya anamapopa itabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anthu olusa popanda umboni uliwonse. Mu 2018 mnyamata wachialubino, MacDonald Masambuka, anaphedwa ku Machinga chifukwa cha chikhulupiriro chakuti mafupa a munthu wotere amabweretsa chuma. Mu 2022 Khoti Lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pamlanduwo, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala komanso mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Ku Nigeria nako, filimu ya mu 1999 ya End of the Wicked, yoonetsa ana akutamba usiku, inadzudzulidwa kwambiri kuti inakolezera mchitidwe woneneza ana kuti ndi mfiti.

Sitikunena kuti filimu ndiyo inapha Masambuka, ayi. Tikunena kuti mwana amene wakula osadziwa kusiyanitsa chopeka ndi choona ndi amene mawa adzatole mwala akamva kuti agogo a kuseri kwa dambo akuuluka pa lichero.

Ndiye titani? Kuletsa kokha sikuthandiza. Mukatseka kanema wa m'nyumba, mwana akaonera kwa mnzake, ndipo kumeneko kulibe womulongosolera. Khalani naye pansi muonere limodzi. Ikatha mufunseni: "Iwe, mwa zonsezi zoona ndi ziti? Munthu uja anakhalakodi? Nanga zoti ankalankhula ndi mizimu wanena ndani?" Ngati simukudziwa yankho, musachite manyazi. Pitani naye kwa aphunzitsi, kwa abusa kapena kwa ashehe.

Yang'aniraninso msinkhu. Mwana wa sitandade 2 sayenera kuona magazi ndi ziwanda usiku kenaka n'kukagona yekha. Akayamba kubwebweta kutulo kapena kunena kuti azakhali anamutenga usiku kupita naye kumanda, musathamangire kwa sing'anga. Yambani mwafunsa chimene waonera sabata imeneyo. Kumbukirani kuti lamulo la zaufiti la mu 1911 limati kuneneza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Inunso maanja achinyamata, dziyang'anireni. Mwana akachedwa kubwera m'banja, kapena geni ikalowa pansi, n'kosavuta kukumbuka filimu ija n'kuyamba kuwayang'ana ndi diso lofiira apongozi. Bambo a m'nyumba, mayi a m'nyumba, pitani kuchipatala nonse awiri, werengerani bwino ndalama za geniyo, musanaloze chala munthu amene anakuberekerani mnzanuyo.

Nthano si mdani wathu, tonse tinakula nazo ndipo zinatipatsa nzeru. Kungoti za leroli zilibe agogo oti anene kuti nthano yathera pano, kaphuleni mbatata. Ntchito imeneyo yatsalira inu makolo, ndipo musadikire kuti mwana akule kaye. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.