KABOKOSI KOMASULIRA NYIMBO

 Nkhani ya lero iri ya makina oyimbira nyimbo, ndipo ikhudza ndalama zanu ndi moyo wanu womwe.

Makolo athu amene anapita ku migodi ndi Wenela ankabwerera kumudzi atasenza galamafoni ndi mbale zace. Otsala kwao anaona zacilendo m'caka ca 1949, pamene inafika wailesi ija yooneka ngati poto, ya mtengo wa £5, batire lace padera, imene ankamverera nyimbo zocokera ku Lusaka. Adzukulu ao cikondi ca nyimbo sanacitaye. Ku Jeppestown, kum'mawa kwa mzinda wa Johannesburg, m'mbali mwa Jules Street ndi Main Street, nyumba zambiri zimene kale zinali mafakitale zasanduka zogonamo anthu, zina zopemphereramo. Kumeneko mnyamata wa ku Dedza kapena wa ku Petauke akalandira malipiro agula masipika awiri nawalumikiza ku laputopu. Nyimbo imveka, komatu pansi pace pali phokoso lina, pena ngati njuci m'mphako, pena ngati mafuta pa ciwaya. Anzace amuuza kuti, “Acimwene, gulani DAC.” Kodi malangizowo ngoona?

Tiyambe tadziwa cimene kabokosi kameneka kacita. Mau ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Pa mbale ya galamafoni kunjenjemerako kunalembedwa monga kamzere kokhotakhota, singano nkumakatsata. M'foni ndi m'kompyuta mulibe mzere, muli manambala okhaokha. Pa CD, imene inayamba kugulitsidwa mu 1982, mau ayesedwa kokwana 44,100 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso uli wonse usungidwa monga nambala. Tsono sipika sidziwa kuwerenga. Iyo ifuna mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika monga mau omwe akwerera ndi kutsika. Pakati pa ziwirizi pafunika womasulira, monga muja akhalira pa bwalo la milandu, ndipo womasulirayo ndiye DAC.

Laputopu iri yonse iri naye womasulira wace m'kati. Cobvuta ncakuti akhala mopanikizana ndi ziwalo zina zogwira nchito mothamanga, ndipo phokoso la magetsi a ziwalozo lilowerera m'nyimbo. Kabokosi kapadera kacotsa nchito yomasulirayo m'cipiringu muja nikaicitira poduka mphepo. Pa cimeneci anzace aja sananame. Ndiponso kuyambira mu 2016, pamene Apple anaturutsa iPhone 7 yopanda kabowo ka mahedifoni, mafoni ambiri atsata njira yomweyo, ndipo kanthambo kakafupi kamene mugula m'malo mwa kabowoko kawirikawiri kali ndi DAC wamng'ono m'kati mwace.

Masipika amene tikunena pano ndi aja okhala ndi ampulifaya m'mimba mwao. Muwazindikira ndi nthambo yao ya magetsi yopita ku khoma. Otere afuna mau ofooka ocokera ku DAC, iwo nkuwakuza okha. Musawalumikize ku mawaya oturuka kumbuyo kwa ampulifaya ina, pakuti mphamvuyo iwaoca.

Kalumikizidwe kace nkosabvuta. Nthambo ya USB icoke ku laputopu kunka ku kabokosi, ndipo muuze kompyuta kuti mau adzere kumeneko. Kucokera ku kabokosi kunka ku masipika ziripo nthambo za mitundu iwiri. Za RCA ziri ndi mitu iwiri, wofiira wa kumanja, woyera wa kumanzere. M'cipinda cogona, pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu, zimenezi zikwanira. Za XLR, za mano atatu, zinapangidwa mwanzeru ina. Mau ayenda m'mawaya awiri, m'modzimo ali ciriri, m'winamo atatembenuzidwa. Phokoso la m'njira ligwera mawaya onse awiri mofanana, ndipo pofika ku sipika, pamene mau otembenuzidwa aja abwezedwa, phokosolo lidzifafaniza lokha. Akulu a mpingo amene asonkhana m'holo, kumene nthambo iyenda mamita 10 kapena 15, asanyengedwe ndi kuchipa kwa RCA. Koma aonetsetse kuti kabokosi ndi masipika, zonse ziwiri, ziri ndi mabowo a XLR, cifukwa kamutu kosinthira kongobvekapo sikabweretsa nzeru ija.

Cenjerani ndi voliyumu. Timabokosi tambiri tituruka ndi mphamvu yonse, mavoti ngati 2, ndipo tina tiribe potsitsira. Musanayatse kanthu, tsitsani masipika kufikira pansi, kenaka muzikweza pang'onopang'ono. Poyatsa, masipika akhale otsiriza. Pozima, akhale oyamba. Kaphokoso kaja kakuti phu! kamene kamveka mukasokoneza dongosolo limeneli kakhoza kuononga sipika yaing'ono ya mau oonda. Amene anali ku Joni mu 2022 ndi 2023, pamene Eskom inkazima magetsi pafupifupi tsiku ndi tsiku, adziwa kuti zipangizo zimafa pobwera magetsi. Akazima, zulani pa khoma. Mphezi za dzinja la kumeneko nazonso sizisewera.

Tsopano tifike pa njuci zija, pakuti apa mpamene pagona ngozi. Magetsi a m'nyumba asinthasintha kokwana 50 pa sekondi, ndipo kulira kwa bvuu kumene mumva ndiko kusinthasintha komweko kutalowa m'nyimbo. Kawirikawiri kucitika pamene laputopu ndi masipika zifika ku nthaka podzera njira ziwiri zosiyana. Kabokosi katsopano nthawi zina sikacotsa kuliraku, popeza nthambo ya USB ikutenga nkukupitiriza. Yesani cotere: zulani chaja ya laputopu nyimbo iri mkati. Kukakhala zii, mwapeza gwero. Mankhwala ace ndi kulumikiza zipangizo zonse pa soketi imodzi, kapena kusamukira ku XLR. Ngati mau acokera ku TV, iripo nthambo ya Toslink, imene Toshiba anayambitsa mu 1983. Iyo inyamula kuwala m'malo mwa magetsi, kotero njucizo zisowa poolokera.

Alipo amisiri a m'makwalala amene adzakuuzani njira yacidule. Pulagi ya ku South Africa iri ndi mano atatu obulungira, ndipo lalikulu la pamwamba ndilo la waya wa nthaka. Iwo ati dulani wayayo, phokoso litha. Lithadi. Koma waya ameneyo ndiye mlonda wa nyumba. Tsiku limene kanthu kadzaduka m'kati mwa sipika, mavoti 230 adzakhala pa citsulo ca kumbuyo ndi pa mitu ya nthambo, kudikira dzanja la munthu. M'zipinda za ku Jeppestown, m'mene banja lonse ligona pamodzi ndipo mwana akwawa pakati pa nthambo, munthu wocita zimenezi wachera msampha m'nyumba mwace momwe. M'nyumba zina zakale masoketi alibiretu waya wa nthaka. Kumeneko itanani mmisiri wa magetsi wa mapepala ace musanagule ciri conse.

Ziripo zina zimene kabokosi sikangathe. Nyimbo ya MP3 yopanikizidwa kwambiri isunga gawo limodzi lokha mwa magawo 11 a manambala a pa CD, ndipo zotayikazo palibe womasulira angazibweze. Mukatumiza nyimbo ku masipika pa Bluetooth, kabokosi kanu kangokhala, womasulira ndi uja wa m'sipika. Ndipo ine ndiona kuti kusiyana kwa kabokosi ka mtengo wapakati ndi kokwera mtengo koposa, makutu ambiri sakumva, makamaka m'cipinda coyang'ana msewu wa mataxi. Musanatsegule cikwama, turutsani masipika pa ngodya, muwakweze afanane ndi makutu anu mutakhala pansi, muwalozetse kwa inu. Zimenezi nzaulere, ndipo kusintha kwace mudzakumva pomwepo.

Kwa inu amene mudzanyamula makinawa pa basi kubwera nawo kuno: mphamvu ya magetsi m'maiko athu atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ifanana ndi ya ku Joni, koma masoketi athu ambiri ali a mano a ngodya. Musakakamize mawaya osabvala m'soketi ndi timitengo ta macesi. Gulani pulagi ya kuno, ndipo waya wa mizere yobiriwira ndi yacikasu amangidwe ku dzino lalitali la pamwamba.