Letesi wa m'chigubu: nyengo yozizira ndiye nthawi yake

Mvula ikatha mu Epulo, kuno ku Mecanhelas kumayamba kuzizira, ndipo pofika Juni ndi Julayi munthu amadzuka m'mawa akufuna moto. Iyi ndiye nyengo ya letesi, masamba aja amene pamsika wa ku Insaca kapena ku Cuamba amawatchula kuti alface. Chovuta n'chakuti miyezi yozizira ndi yomweyonso yopanda mvula. Amene ali ndi dimba kudambo kapena m'mbali mwa nyanja ya Chiuta alibe nkhawa. Nanga amene alibe dimba atani? Atha kulima pakhomo pomwepo, m'chigubu kapena m'ndowa yakutha.

Chifukwa chiyani nyengo yozizira?

Letesi amakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 20. Kukatentha kufika cha m'ma 30, njere zake zambiri sizimera. Amene wamera kale amasiya kuchita masamba, n'kutulutsa kamtengo pakati kuti achite maluwa. Zikatero masamba amalimba, amawawa, ndipo ukawathyola amatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Palibe amene angagule letesi wotere.

Ndiye werengani masiku. Kuchokera tsiku lofesa kufika tsiku loyamba kuthyola pamapita masabata 6 mpaka 8 ngati ndi letesi wa masamba otambalala. Wopanga mutu ngati kabichi, monga wa mtundu wa Great Lakes, amachedwerapo, amatha kufika masabata 10 kapena 12. Mukafesa mu Meyi, mudya mu Julayi. Mukafesa kumapeto kwa Juni, mudya mu Ogasiti. Koma mukachedwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti, mbewu yanu idzakumana ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala, ndipo madzi onse amene munatunga adzapita pachabe.

Chodzalamo

Mizu ya letesi sipita pansi kwambiri. Dothi lakuya masentimita 15 mpaka 20, pafupifupi kutalika kwa dzanja la munthu wamkulu, ndi lokwanira. N'chifukwa chake letesi savuta m'chigubu. Chigubu cha malita 20 chimene chinasweka, chiduleni pakati m'litali, mupeza timabwato tiwiri. M'kabwato kamodzi mumakwana mitengo iwiri. Ndowa yodontha, beseni long'aluka, ngakhale thumba lopinda m'mbali, zonsezi zimagwira ntchito.

Boolani mabowo 6 kapena 8 pansi pake ndi msomali wamoto. Popanda mabowo madzi amadikha ndipo mizu imawola. Chinthu chimodzi chokha musayese: kudzala m'chigubu chimene munali mankhwala opopera thonje kapena fodya, petulo kapena oyilo. Ngakhale mutatsuka bwanji, musadzalemo chakudya.

Dothi

Dothi lakuda la kudambo lili ndi chonde, koma likakhala lokha m'chigubu limauma gwa ngati njerwa. Sakanizani motere: mbale ziwiri za dothi lapamwamba, mbale imodzi ya manyowa owola bwino, ndi mbale imodzi ya mchenga wa kumtsinje. Kumadera olima mpunga, mankhusu a mpunga owola kapena owauka pamoto pang'ono atha kulowa m'malo mwa mchenga.

Manyowa akhale owoleratu, akuda, osanunkha, ofumbutuka m'manja. Ndowe zaziwisi za mbuzi, ng'ombe kapena zitosi za nkhuku zimawotcha mizu. Komanso musaiwale kuti letesi timadya wosaphika, ndiye tizilombo ta m'ndowe zaziwisi tikafika pamasamba timapita m'mimba mwa ana.

Kufesa ndi kuwokera

Njere za letesi ndi zazing'ono kwambiri, ndipo zimafuna kuwala kuti zimere. Musazikwirire ngati chimanga. Nyowetsani dothi, wazani njere pang'onopang'ono, kenaka sefererani kadothi pamwamba osapitirira theka la sentimita. Fesani madzulo, dothi likazizira. Pakatha masiku 4 mpaka 10 muona zitamera.

Mbande zikafika masamba 4 kapena 5, pakatha masabata atatu kapena anayi, ziwokereni m'zigubu zina. Siyani mpata wa masentimita 20 mpaka 25 pakati pa mtengo ndi unzake. Ambiri amamva chisoni kupatulira, amati zonse zikule. Ayi ndithu, zikathithikana zimangotalika, masamba ake n'kukhala owonda. Wokerani madzulo, ndipo mtima wa mbande, pamene pamatuluka masamba atsopano, usakwiririke.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono lero, pang'ono pakatha masabata awiri, choncho mpaka kumayambiriro kwa Julayi. Mukatero letesi sakhwima yense nthawi imodzi. Lembani tsiku lofesa pachigubu chilichonse ndi makala kapena m'kope, kuti mudziwe tsiku lowokera ndi lothyola. Njere zotsala zimangeni bwino n'kuziika pamalo ozizira ndi ouma, chifukwa pamalo otentha sizichedwa kufa.

Madzi

Apa ndiye pali nkhani yonse. Dothi la m'chigubu ndi lochepa, limauma msanga, makamaka kukamawomba mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti. Thirirani tsiku lililonse m'mawa, ndipo kukatentha bwerezani madzulo. Pisani chala m'dothi: ngati chatuluka chouma, thirirani, ngati chatuluka ndi matope, dikirani. Thirani pansi pa mtengo, osati pamasamba. Udzu wouma pang'ono pamwamba pa dothi umasunga chinyontho.

Ubwino wa chigubu ndi wakuti madzi onse amapita pamizu, sabalalika ngati pabedi. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba musawataye, thirirani letesi. Koma madzi a sopo, ochapira zovala kapena osamba, ayi.

Okhala kufupi ndi nyanja ya Chilwa, cha ku Entre-Lagos ndi midzi yozungulira, achenjere ndi mchere. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere, ndipo zitsime zina zapafupi zimakhalanso choncho. Letesi sagwirizana ndi mchere: amapinimbira, masamba n'kupsa m'mbali. Mukaona zoyerayera pamwamba pa dothi, thirani madzi abwino ambiri mpaka atulukire kumabowo, mcherewo utsukike.

Malo ndi adani ake

Ikani zigubu pamene pamafika dzuwa la m'mawa kwa maola 4 mpaka 6, koma masana pakhale kamthunzi, monga kum'mawa kwa nyumba. Kukayamba kutentha, chigubu mutha kuchinyamula n'kuchiika pansi pa mtengo wa mango, zimene wa kudimba sangachite.

Adani oyamba ndi nkhuku ndi mbuzi. Ikani zigubu pathandala lokwera kapena tchingani ndi bango. Nkhono zimabwera usiku, zitoleni ndi manja. Nsabwe za m'masamba zimabisala kunsi kwa tsamba, zichotseni ndi madzi. Mankhwala opopera musathamangire, poti masamba awa salowa mumphika.

Kuthyola ndi kudya

Letesi wa masamba otambalala simuzula mtengo wonse. Thyolani masamba akunja awiri kapena atatu, n'kusiya mtima. Pakatha sabata mupeza ena. Mtengo umodzi utha kukudyetsani mwezi wathunthu. Thyolani m'mamawa, masamba asanafote, makamaka ngati mukupita nawo kumsika.

Musanadye, sambani m'manja ndi sopo, kenaka tsukani tsamba lililonse ndi madzi otetezedwa, owiritsa n'kuzizira kapena othira Certeza. Kolera imene inavuta ku Niassa ndi ku Malawi mu 2022 ndi 2023 imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa, ndipo chakudya chosaphika chimafuna chisamaliro choposa. Mukatsuka, duladulani, ikani tomato, anyezi, kamchere, mafuta pang'ono ndi madzi a ndimu. Zimakoma ndi nsomba yokazinga, mpunga kapena buledi.

Mtengo umodzi kapena iwiri yooneka bwino musaithyole kwambiri. Isiyeni ichite maluwa kukatentha. Timaluwa take tachikasu tikauma n'kutulutsa ubweya woyera, gwedezerani m'pepala, muumitse pamthunzi, n'kulemba chaka pakapepalako. Meyi akadzafika, mbewu mudzakhala nayo kale m'nyumba.