Amene amagawa mapiriyodi

Labala wa mphunzitsi wokonza tayimutebulo amatha msanga kuposa pensulo yake. M'masekondale a m'mbali mwa nyanja, kuyambira pa Bandawe Girls mpaka ma CDSS a ku Chintheche ndi Kande, ntchitoyi imagwera munthu mmodzi teremu isanayambe, ndipo ambiri amaiona ngati kujambula mabokosi chabe.

Malamulo ena sakambirana. Mphunzitsi mmodzi sangakhale mu Fomu 2 ndi Fomu 4 nthawi imodzi, ndipo pamene pali labotale imodzi, makalasi awiri sangalowemo pamodzi. Izi n'zosavuta. Mutu umawawa pa zopempha. "Aphunzitsi, masamu musandiikire masana, ana amawodzera ndi kutentha." "Ine Lachisanu mundimasuleko, ndimathamangira kubanki ku Mzuzu." Wa sayansi akufuna mapiriyodi awiri otsatizana, wakhanda akuti asayambe m'mamawa. Onse sangakondwe, choncho mwini labala amayeza mumtima: pempho ili n'lolemera, ili n'lopepuka, ili ndikaliphwanya mwini wake angong'ung'udza sabata imodzi n'kuiwala.

Akatswiri a kompyuta amautcha mtundu wa vutoli weighted constraint satisfaction. Lamulo lililonse lili ndi mtengo wake ukaliphwanya, ndipo chofunika ndi dongosolo limene mitengoyo ikaphatikizidwa ikhale yochepetsetsa. Njira imodzi yotchuka, branch and bound, imasunga dongosolo labwino lomwe yapeza kale, ndipo ikaona kuti lomwe ikuyesa ladula kuposa pamenepo, imalisiyira panjira. FET, pulogalamu yaulere yokonzera tayimutebulo ya Liviu Lalescu wa ku Romania, imalola kupatsa lamulo kulemera mpaka 100%. Imayamba ndi maphunziro ovuta kuwapezera malo, ikasowa mpata n'kuchotsa ena kukawaika kwina. Mphunzitsi wa pensulo amachitanso chimodzimodzi, kungoti iye zimamutengera mausiku.

Chimene chimandivuta ine n'chakuti kulemerako amakuika ndi munthu. Kompyuta siidziwa kuti wopempha Lachisanu ndi mnzawo wa ahedi, kapena kuti amene wangobwera kuchokera kukoleji amachita manyazi kupempha kanthu. Mapiriyodi a masana, okanidwa ndi akuluakulu, amakonda kuthera kwa watsopanoyo. Ukafunsa mu sitafu rumu, yankho limabwera msanga: "Ndi mmene zakwanirana, aphunzitsi, tionanso teremu ya mawa."