Liwiro la galimoto pa galasi la kutsogolo

Ndimakakonda kachipangizo koonetsa liwiro pa galasi la kutsogolo, chifukwa maso a dalaivala sachoka pamsewu. Lusoli linayambira mu ndege za nkhondo, ndipo General Motors inaliika mu Oldsmobile Cutlass Supreme mu 1988. Masiku ano mutha kudzipangira nokha.

Manambala amachokera pa soketi ya OBD-II, ya timabowo 16, imene imakhala kunsi kwa chiwongolero. Lumikizanipo kachipangizo kotchedwa ELM327, kenako kompyuta yaing'ono ya Arduino izifunsa kompyuta ya galimoto. Ikatumiza 010D, yankho ndi liwiro. Ikatumiza 010C, imauzidwa mmene injini ikuzungulirira. Koma magalimoto ena akale ochokera ku Japan, amene adzaza m'misewu yathu, soketi ali nayo koma sayankha. Zikatero, liwiro mulitenge ku GPS.

Kasikirini koonetsa manambalawo kamagona chagada pa dashibodi, manambala atalembedwa motembenuza ngati mawu a kutsogolo kwa ambulansi, poti galasi liwatembenuzanso.

Mutu umawawa pa galasipo. Kuwala kumabwerera kuchokera mkati ndi kunja komwe kwa galasilo, choncho nambala iliyonse imaoneka kawiri. Kufakitale amathetsa izi poika pakati pa galasi pulasitiki yochindikala mbali imodzi. Ife timangomata kapepala konyezimira.

Foni ngati sikirini sindiilimbikitsa, dzuwa la Okutobala limameza manambala ake. Ma LED owala kwambiri ndiwo abwino, koma muikenso kachipangizo koyeza kuwala kuti usiku azizilala, apo ayi akuthobwani m'maso.