Chofunda cha zigamba sachifinya

Mayi amene amatichapira zofunda kwathu ku Chilomoni ali ndi lamulo limodzi limene sagonjerapo munthu: chofunda cha zigamba sachifinya. Bulangeti wamba amalipotokola awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, mpaka madzi atatheratu. Koma chikabwera chija chosokedwa ndi tizidutswa ta zitenje, chamkati mwake muli thonje, amachigwira ngati khanda. Nditawafunsa chifukwa chake sanachulutse mawu. Anandigwiritsa ngodya imodzi ya chofunda chonyowa kuti ndinyamule, ndipo ndinamva ndekha ulusi ukulira m'misoko.

Chofunda chotere chimakhala ndi zinthu zitatu: pamwamba zigamba zolumikizidwa, pakati thonje kapena ubweya wa pulasitiki, pansi nsalu imodzi yaikulu. Zonsezi zimagwirizana ndi ulusi wokha basi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo thonje limamwa madzi mopanda chisoni, moti chofunda chimene mwana amanyamula chili chouma chimafuna akulu awiri chikanyowa. Mukachikoka ndi ngodya, kulemera konseko kumathera pa msoko. Mukachipotokola, thonje limaundana m'mibulu imene sidzabalalikanso, ndipo mwini wake adzagona akumva ngati wafunda thumba la mbatata.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi kansalu koyera konyowa, n'kupukuta pa chigamba chofiira, chobiriwira, chakuda. Kakatuluka ndi mtundu, ndiye kuti chitenjecho chimasuluka, ndipo madzi otentha asayandikire n'komwe. Apa ndi pamene pali vuto la zigamba: telala amatola zotsala za nsalu zosiyanasiyana, ina yochapidwapo kale, ina yongochoka kumene m'sitolo, ina yofupika ikalowa m'madzi. Chigamba chimodzi chofiira chikhoza kuwononga zoyera zonse zoyandikana nacho. Kuchapa kwenikweniko n'kwachidule: madzi ozizira m'bafa lalikulu, sopo pang'ono, kupondaponda ndi mapazi osamba bwino. Potsukuluza amapendeketsa bafa, chofunda chili momwemo, kanayi kapena kasanu. Pochitulutsa amachikulunga m'nsalu yoyala pabedi, n'kunyamula nsaluyo.

Amayi amene amachapa maganyu m'mbali mwa mitsinje ya Mudi ndi Nasolo amanena kuti chofunda chotere sachimenyetsa pamwala ngati jinzi. Ena amachikana kumene. Akuti chimadya madzi, chimadya tsiku, chimathyola msana, ndipo chikang'ambika mlandu ndi wako.

Koma pamene mtima wanga umawawa ndi poyanika. Anthu amakumbukira zofunda zawo m'miyezi ya June ndi July, kukazizira, ndipo imeneyo ndiyo nyengo ya chiperoni kuno ku Blantyre, pamene mitambo yochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique imaphimba mzinda ndi mvula yowaza kwa masiku angapo. Malaya amauma ndi kamphepo. Chofunda cha thonje chimauma kunja kokha, mkati muli chinyontho, ndipo chikagona choncho masiku awiri chimayamba fungo la nkhungu limene sopo sangachotse. Pa chingwe chimodzi sachipachika, chifukwa chimatamuka pakati n'kutaya maonekedwe ake. Amachiyala pa zingwe zitatu kapena zinayi zoyandikana, kuti kulemera kugawanike, n'kumachitembenuza pafupipafupi.

Dzuwa nalo lili ndi mbali ziwiri. Likawomba kwambiri pa zigamba, mitundu imafwifwa. Mukathawira pamthunzi kapena kuyala pansi, mwaitana ntchentche ija yoikira mazira pa nsalu zachinyontho, imene mphutsi zake zimalowa m'khungu la munthu n'kutupa ngati chithupsa. Zovala wamba timaziteteza posita, popeza kutentha kumapha mazirawo. Nanga chofunda chokhuthala? Mayi aja amachiyanika padzuwa chozondoka, zigamba zili pansi, ndipo sachichotsa mpaka atalowetsa dzanja pakati n'kumva kuti chauma ndithu. Izi palibe anawaphunzitsa m'kalasi. Akuti anaziphunzira atawononga chofunda cha bwana wina, malipiro a mwezi wonse n'kupita.

Makwinya ndiye amayesa nzeru za munthu. Simbi ya makala ikakhala pa chofunda cha ubweya wa pulasitiki imausungunula mkati, pamalopo n'kuuma ngati chikopa, ndipo kakhala kamodzi kogwa kamasiya bowo. Pa thonje, simbi yolemera imaphwatalalitsa kutukumuka konse kumene kumasunga kutentha. Chofunda chikatsala pang'ono kuuma, odziwa amachikoka awiri mofatsa m'mbali zonse, ndipo chikauma amachisalaza ndi zikhatho pabedi. Pakatsala khwinya louma mutu, amayalapo nsalu yonyowa, simbi n'kungokhudza pamwamba, osakankha.

Tsono ntchito yonseyi amalipidwa bwanji? Mtengo amauwerengera ngati wa bulangeti, pena kuwonjezerapo kangachepe. Madzi ogula pa kiyosiki nthawi zina amatuluka m'thumba la wochapayo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, sopo ndi makala zinakwera nthawi yomweyo, koma mtengo wa ganyu unatsala pomwe unali, chifukwa ofuna ganyu ndi ambiri ndipo wokana lero mawa sadzaitanidwa. "Madamu, ichi n'cholemera, muwonjezereko," amatero wochapa. Yankho lake timalidziwa tonse, poti ambiri a ife talinenapo: "Tidzaona kumapeto kwa mwezi." Ndipo popeza pa kaunjika pali maduveti otsika mtengo amene sachedwa kuuma, atsikana ambiri oyamba ganyu sakuphunziranso kusamala chofunda cha zigamba.

Inu amene muli nacho, kaya anakusokerani agogo, kaya telala wa pakhonde, musachipereke kochapa kumwamba kuli chiperoni. Gulani nokha sopo ndi madzi, perekani munthu wachiwiri wothandiza kunyamula, ndipo mtengo mugwirizane chofunda chisanalowe m'bafa, powerengera masiku onse amene wochapayo adzakhale akuchitembenuza.