Khitchini ya pabalaza imafuna moto wopanda utsi

M'mbali mwa msewu wa M12, wochokera mumzinda wa Lilongwe kudutsa pa Mpingu ndi Namitete kulowera ku Mchinji, nyumba za njerwa zikuchuluka. Zina zikumangidwa ndi anthu ogwira ntchito m'tauni amene akukonzeratu kokapumira, ndipo mapulani awo ndi a m'tauni: khitchini, podyera ndi pabalaza zonse m'chipinda chimodzi chopanda khoma pakati.

Kamangidweka kamapulumutsa njerwa ndi simenti, kamalowetsa kuwala, ndiponso wophika amatha kuyang'anira ana uku akucheza ndi alendo. Vuto ndi loti kadachokera kumaiko komwe amaphikira magetsi ndi gasi. Kuno, kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Makolo a ku Nsaru ndi Kabudula ankadziwa chomwe ankachita pomanga khitchini payokha kuseri kwa nyumba: ankathawa utsi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse, kudzera m'matenda monga chibayo ndi a mtima. Makala ndiwo amanyenga kwambiri. Akayaka bwino saonetsa utsi, komabe amatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka, sununkha, koma umapha. Ngoziyi imakula m'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene mbaula imalowetsedwa m'nyumba mazenera ali chitsekere. M'nyumba yopanda siling'i, momwe makoma a m'kati safika kudenga, mpweyawo umafika mpaka kuzipinda zogona.

Choncho asanayambe kukumba maziko, mwini nyumba ndi mmisiri ayenera kugwirizana kaye za moto wophikira. Khitchini ya pabalaza ndi ya gasi kapena magetsi basi. Popeza magetsi amathimathima, ndipo nyemba kapena nsima ya anthu ambiri zimatha gasi msanga, nkofunika kusiya khomo lotulukira kukhonde la kuseri, komwe mbaula ya makala kapena chitetezo mbaula ya nkhuni ingayatsidwe pamphepo koma mvula osafikapo.

M'katimo, chophikira chikhale pakhoma lakunja, pafupi ndi zenera lotseguka, ndipo mbali ina ya chipinda kukhale zenera lina kuti mphepo izidutsa. Kupanda kutero, fungo la usipa wokazinga limakakamira m'makatani ndi m'masofa kwa masiku. Silinda ya gasi iziima chilili pamalo opita mphepo. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero akamadontha amaunjikana pansi. Kabati yosungira silinda ikhale ndi mabowo kumunsi.

Pali chinthu china chomwe mapulani okopera kunja sachidziwa, chomwe ndi nsima. Matebulo a m'khitchini amamangidwa otalika pafupifupi masentimita 90, msinkhu wabwino podula ndiwo zamasamba. Koma pamwamba pake pakaikidwa chophikira, kenaka poto wamkulu, wovundula nsima amakweza mapewa mpaka kuwawa, ndipo poto amaterereka chifukwa palibe pomugwirira bwino. Gawo lophikirapo litsitsidwe ndithu, ndipo woyenera kuyeza msinkhuwo ndi amene aziphikapo tsiku ndi tsiku, mthiko uli m'manja, osati wojambula pulani.

Mwambo nawo uli ndi mbali yake. Amayi ambiri sangamasuke kuphika apongozi atakhala pampando akuona zonse za mumphika. Kakhoma kofika pachifuwa pakati pa khitchini ndi pabalaza kamabisa mapoto ndi mbale zakuda popanda kutseka kuwala, ndipo pamwamba pake pamasanduka poikapo chakudya.

Kumadera komwe madzi amatungidwa pamjigo, pansi pa sinki pasiyidwe malo okwana ndowa ziwiri, ndipo sinkiyo ikhale pakhoma lakunja kuti paipi yotaya madzi ikhale yaifupi.